Ngalande za CDF zikumbidwe mvula isanagwe

A Mkonzi,

Mu 2022 ndalama za CDF (Constituency Development Fund, thumba la boma la chitukuko cha m'madera) za konstichuwensi iliyonse m'Zambia zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Ndalama zilipo tsopano. Chomwe chikutipweteka mu Lusaka muno ndi kuchedwa kwa ntchito zokumba ngalande.

Pempho la chitukuko limachokera kwa anthu, n'kupita ku komiti ya wadi, kenako ku komiti ya CDF. Likavomerezedwa, khonsolo imaitana makontrakitala kuti apikisane. Paliponse pakachedwa mwezi umodzi, kontrakitala amafika pamalo mu Novembala mvula itayamba kale. Ku Kanyama, komboni yathu ya mu Lusaka, zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa pansi pali thanthwe ndipo madzi ali pafupi. Ngalande yokumbidwa m'dzinja imadzaza madzi simenti isanaume, zimbudzi zimasefukira, uve n'kulowa m'zitsime zosaya. Kolera ya 2023 mpaka 2024, yomwe idagoneka odwala ku Heroes Stadium, imafalikira m'malo otere.

Tikupempha kuti mapempho a ngalande aziweruzidwa mu Januwale kuti ntchito iziyamba mu Meyi, nthaka itauma. Injiniya aziyamba wayeza komwe madzi akatulukire, pakuti ngalande yopanda kotulukira imangothira madzi pakhomo pa anzathu a kumunsi.

Mamembala a komiti ya wadi amagwira ntchito mongodzipereka. Apatsidwe pepala losonyeza kutalika ndi kuya kwa ngalande ndi matumba a simenti ofunika, ndipo kontrakitala asalandire ndalama zomaliza iwo asanayendere ntchitoyo. Ndalama yochotsera zinyalala m'ngalandemo chaka ndi chaka nayonso ilembedwe m'bajeti.

Ife okhala ku Kanyama,
Lusaka