Kwa iwe mwana wanga, za dzenje lija

Mwana wanga,

Ndamva zoti Lachisanu usiku unatsika m'dzenje la pampu, kuntchito kwanu koyeretsa madzi a zonyansa, wopanda kachipangizo koyezera gasi, ndipo amene amakudikirira pamwamba ndi mnzako uja mumamwa naye musanalowe shifiti. Usandifunse kuti wandiuza ndani. Amayi ako sakugona, ine ndakhala ndikugwira foni n'kuyiikanso pansi chifukwa ndikudziwa kuti ndikakuimbira ndingokalipa iwe n'kudula, ndiye ndati bola ndilembe.

Iwe zoona ungalowe mmenemo ukudalira mphuno? Ndinakuuza kangati za gasi uja wonunkha ngati dzira lovunda, hydrogen sulfide? Akakhala wochepa umamumva, koma akafika cha m'ma 100 ppm (muyeso wa kuchuluka kwa gasi mu mpweya) mphuno imafa, sumvanso fungo, ndiye umati kwayera pomwe ndi pamene zaipiratu. Ndi wolemera kuposa mpweya wabwinowu, amakhala pansi penipeni pomwe ukutsikirapo iweyo, ndipo akachuluka kwambiri kupuma kamodzi kawiri wagwa, ngakhale kukuwa sukuwa. Ine ndinaona ndi maso angawa mnzathu wina atagwa m'manhole, dzenje lolowera ku mapaipi a zonyansa, winanso poona choncho anadumphiramo kuti amutulutse, tinawatulutsa awiri. Uja wachiwiriyu anali ndi mwana wamng'ono ngati mmene unaliri iwe nthawi imeneyo. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo mtima umandigunda.

Choncho yeza kaye, okosijeni akatsika pansi pa 19.5 peresenti usalowe, ngakhale abwana akukakamize kuti pampu yatsekeka madzi akubwerera. Yatsa fani ipemerere nthawi yokwanira, vala lamba wachingwe, pampu uizimitse n'kukhoma loko pa switch, kiyi akhale m'thumba mwako osati mwa wina. Ndipo wokhala pamwamba akhale munthu wamaso, osati amene akununkha mowa. Nanga chingwe chimenecho angachikoke bwanji munthu woti miyendo yake yomwe ikumukanika?

Ndikukumbuka uli wamng'ono ndinakutengera kuntchito tsiku lina, unatseka mphuno pa zitsulo zosefera zija zokola nsanza ndi mapulasitiki, koma titafika pa thanki yothovola ija unaima n'kundifunsa kuti adadi madziwa akuwira chifukwa chani. Ndinakuuza kuti muli tizilombo tosaoneka tikudya nyansi ndipo ife ntchito yathu n'kutipatsa mpweya. Unaseka kwambiri, kunyumba unakauza aliyense kuti adadi amaweta tizilombo. Tsiku lomwe unandiuza kuti wapeza ntchito yomweyi ndinasangalala mwana wanga, sindinakuuze bwino koma ndinasangalala.

Ndiye ukudziwa wekha kuti mabakiteriya amenewo sadikira munthu. Mchenga ukhoza kukhala m'ngalande yake, matope a m'thanki yoyamba akhoza kudikira pang'ono, koma blower, makina opopera mpweya m'thanki yothovola ija, ikazima usiku iwe uli mtulo ta mowa, okosijeni uja timamusunga cha pa 2 mg pa lita amatha msanga, ndipo zikatenga nthawi sludge, matope okhala ndi tizilomboto, amada, amayamba kununkha, m'thanki yomaliza sakhazikikanso pansi koma kumangosefukira limodzi ndi madzi. Kilorini sangakonze zimenezo. Madzi amenewo akupita mumtsinje ndipo kumunsi kuli anthu akutunga, kuli ana akusamba, iwo sakudziwa n'komwe kuti usiku umenewo pa shifiti panali ndani. Kuti tizilomboto tibwererenso mwakale pamatenga masiku ambiri, nthawi zina masabata.

Mnzakoyo sindimuda, ndi mwana wa eni ake nayenso, koma ndamvanso kuti amasuta fodya pafupi ndi digester, thanki yovunditsiramo matope. Pamenepo pali methane mwana wanga, gasi woyaka! Munthu wotere sungamupatse chingwe cha moyo wako. Ngati mukufuna kucheza chezani pa tsiku la ofu, sindikukuletsa, ndiwe wamkulu tsopano, koma tsiku la shifiti ngakhale botolo limodzi ayi. Ayi ndithu. Ndipo ukamuona wabwera ataledzera uwauze abwana, adzakukwiyira inde koma adzakwiya ali moyo.

Ndikubwerezanso, osalowa m'dzenje usanayeze, ndipo wina akagweramo iwe usamutsatire, itana anthu okhala ndi zida zopumira. Ndikudziwa mtima wako, ndiwe woti ungadumphiremo osaganiza, n'chimene chikundiopsa kwambiri.

Amayi ako akuti usambe m'manja ndi sopo usanadye ngakhale unavala magolovesi, ndiponso zovala zakuntchito usamazichapire pamodzi ndi za mwana. Undiimbire Loweruka ukaweruka, undiuze ngati kachipangizo kanu koyezera gasi kakugwira ntchito komanso kuti anakachita liti calibrate, kuonetsetsa kuti kakuyeza molondola.

Ndine bambo ako.