Kamakina ka kadi kamaulula zomwe wagulitsa, koma za phindu sikadziwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga a mageni ang'onoang'ono amene tayamba kulandira ndalama pa kadi, komanso ndi akuluakulu otolera msonkho kulikonse komwe ali, chifukwa pakati pa awiriwa pali kusamvetsetsana kwina komwe kukupweteketsa anthu osalakwa. Ine ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama, osati a makampani akuluakulu ayi, koma a anthu oti geni yonse ndi iwowo, akazi awo ndi kamnyamata kamodzi kothandiza basi, ndiye zomwe ndikunenazi ndimaziona patebulo panga chaka ndi chaka nthawi ya mafomu a msonkho ikakwana.

Munthu akalandira kamakina kaja amasangalala, ndipo nzosangalatsadi, kasitomala sabwereranso poti alibe kashi, zokanganirana tchenji palibe, madzulo suyenda ndi chikwama mtima uli m'mwamba. Koma walira mvula walira matope. Chomwe ambiri sauzidwa tsiku losaina mapepala ndi chakuti ndalama iliyonse yodutsa pa makinawo imasiya phazi. Kashi alibe mboni, pomwe kadi ili ndi mboni zitatu, banki ya wogulayo, kampani ya kadiyo kaya ndi Visa kaya Mastercard, ndiye banki kapena kampani yomwe inakupatsani makina. Ndipo m'maiko ambiri pano lamulo likuti wachitatuyu azikanena yekha kwa a msonkho kuti uje wagulitsa zakutizakuti, osadikira kuti mwini geni anene.

Ku America anakhazikitsa lamuloli mu 2008 ndipo linayamba kugwira ntchito pa malonda a 2011. Kampani ya makina imalemba fomu yotchedwa 1099-K, imodzi imapita kwa mwini geni pofika pa 31 January, ina imapita ku IRS, bungwe lawo la msonkho, ndipo pa fomupo ndalama zake zimalembedwa mwezi ndi mwezi. Pa malonda a kadi palibe zoti zachepa, olo dola imodzi imalembedwa. Malire aja mwina munamva, oti fomu imalembedwa pokhapokha munthu akapyola madola 20,000 ndi malonda 200, ndi a makampani ena olipirira pa intaneti monga PayPal, ndipo anawavutitsa kwabasi, mu 2021 anawatsitsa kufika pa madola 600, kenako nkumangozengereza chaka ndi chaka osawayambitsa, mpaka mu 2025 anawabwezeretsa pa 20,000 pomwe paja. Ku Britain nako bungwe la msonkho la HMRC linapatsidwa mphamvu mu 2013 zoitanitsa ziwerengero kwa makampani a makina a kadi. Ndiye amene akuganiza kuti izi ndi za kutali adziwe kuti njira ndi yomweyi, mabungwe a msonkho amaonerana ngati ana a sukulu pa mayeso.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Nambala imene kampani ya makina imakanena ija ndi ndalama zonse zomwe makasitomala anaswaipa, zosachotsapo kanthu. Si zomwe zinalowa mu akaunti yanu, ndipo si phindu lanu ngakhale pang'ono. Fomu ya ku America ija malamulo ake amachita kunena poyera kuti nambalayo isachotsedwe komishoni, isachotsedwe ndalama zobweza kwa makasitomala, isachotsedwe chilichonse.

Ndipereke chitsanzo chongopeka kuti timvane, ndalama yake ikhale iliyonse. Tinene kuti pa chaka makina awerenga 1,000. Kampani ya makina yadulapo 25 ya komishoni isanakutumizireni. Makasitomala ena anabweza katundu inu nkuwabwezera 40. Wina anakadandaula ku banki yake kuti sanagule ndi iye, banki nkulanda 15, ija amati chargeback, ndipo amene zinamuchitikirapo akudziwa kupweteka kwake poti katundu wapita ndalama yapitanso. Ndiye mu akaunti mwalowa 920. Katunduyo munaoda ndi 650, lendi ndi malipiro a mnyamata ndi zina zatenga 150, chotsala chanu ndi 120. Koma a msonkho pa kompyuta yawo akuona 1,000.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi ichi, munthu amatenga sitetimenti ya ku banki nkuwonkhetsa zomwe zalowa, nkulemba pa fomu kuti ndagulitsa 920, ndipo mumtima mwake wanena zoona, sanabise kanthu. Koma kompyuta siidziwa za mumtima, imangoona kuti kampani yati 1,000 iye wati 920, ndiye kalata basi. Njira yake ndi kulemba 1,000 yonseyo ngati malonda, kenako 25 ija ilowe pa zowonongedwa poyendetsa geni, 40 ndi 15 zilowe pa zobwezedwa. Msonkho wake utuluka womwewo, kusiyana kwake nkwakuti uku wagona tulo uku ukuyankha makalata miyezi itatu.

Palinso tinthu tina ting'onoting'ono tosokoneza nambala. Malonda a pa 30 ndi 31 December makina amawawerengera chaka chomwecho koma ndalama zake zimafika mu akaunti mu January, ndiye ukamatsata banki yokha chaka chilichonse uzipezeka wasiyana nawo. Ngati geni yanu imatolera VAT, msonkhowo uli mkati mwa nambala ija, si wanu, mukungosungira boma. Ngati kasitomala waonjezera kangachepe kothokoza wogwira ntchito nkuswaipira pamodzi, nakonso kali momwemo. Ndiye pali aja amati ndiswaipireni zambiri mundipatse zinazo pamanja, munthu wagula za 20 waswaipa 70 inu mwamupatsa 50 ya kashi, makina alemba kuti mwagulitsa 70, ndipo pakatha miyezi khumi palibe angakumbuke kuti tsiku limenelo zinayenda bwanji ngati sizinalembedwe.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi nkhani yobwereka makina. Pali mayi ena omwe ndimawathandiza mabuku, munthu wabwino mtima mopitirira, woyandikana nawo geni analibe makina ndiye kasitomala akabwera ndi kadi amangoti mayi tandiswaipireni, iwo nkuswaipa, mawa lake ndalama ikalowa nkumupatsa mnzawoyo pamanja. Zinayenda choncho pafupifupi chaka chathunthu osalemba paliponse poti amakhulupirirana. Nthawi ya mafomu itakwana tinapeza kuti zodutsa pa makina zikuposa kutali katundu yemwe iwo anaoda chaka chonsecho, ine nkumafunsa kuti mayi katundu ameneyu munamutenga kuti, iwo nkumaseka kuti aaa zinazo nza anzanga. Ndinawauza kuti musaseke, pa pepala palibe anzanu, pali dzina lanu ndi nambala yanu ya msonkho. Titapita kwa mnzawo uja kuti atilembere kalata yovomera kuti ndalamazo zinali zake, nkhope inasintha, poti kuvomera kumeneko kunali kudziulula yekha kuti sanalembetse geni yake. Tinatha masabata tikufufuza timalisiti ta makina tomwe tambiri tinali titafufutika kale, mukudziwa pepala lake lija likakhala padzuwa limayera mbee ngati silinalembedwepo, ndipo chinzake chinathera pomwepo. Kuonjezera apo mgwirizano womwe timasaina ndi eni makina nthawi zambiri umaletsa kuswaipira malonda a munthu wina, akakugwira atha kukulanda makina. Ndiye chonde abale, mchitidwe umenewu ukuoneka ngati chifundo koma ngongole yake imagwera wachifundoyo.

Ena akamva zonsezi amati basi ine za kadi ndasiya, ndibwerere ku kashi. Ndikuwamvetsa. Ku India mu July 2025 a msonkho a m'chigawo cha Karnataka anatumiza makalata kwa amalonda ang'onoang'ono atawerenga ndalama zomwe zinadutsa pa UPI, njira yawo yolipirira pa foni, ndipo mu mzinda wa Bengaluru ambiri anachotsa zikwangwani zolipirira nkulemba kuti kashi yekha. Koma kuthawa kumeneku sikufika patali, kasitomala wazolowera kale kusayenda ndi ndalama ndipo apita kwa mnzako yemwe ali ndi makina. Maboma enanso akutseka chitseko chimenecho, ku Italy kuyambira pa 30 June 2022 wamalonda wokana kadi amalipitsidwa chindapusa cha ma euro 30 kuphatikizapo 4 peresenti ya malonda omwe wakanawo.

Ndiye pali anzanga ochenjera aja amati chabwino, za kadi ndilemba zonse poti akuziona, za kashi ndizisiya pambali. Awa ndi omwe amagwidwa mosavuta kuposa onse. A msonkho ali ndi ziwerengero za mageni ambirimbiri ofanana ndi yanu, akudziwa kuti geni ya mtundu wakuti imalandira zingati pa kadi zingati pamanja, ndiye mukalemba nambala yofanana ndendende ndi ya makina mukuwauza kuti chaka chonse palibe kasitomala olo mmodzi yemwe anatulutsa kashi, zomwe ngakhale mwana sangakhulupirire. Ku America IRS inkatumiza makalata ofunsa kwa mageni omwe gawo la kadi linkaoneka lalikulu mokaikitsa. Ndipo chinandiseketsa ndi kafukufuku yemwe katswiri wa za chuma wa ku America Joel Slemrod ndi anzake anatulutsa mu 2017, anapeza kuti fomu ya 1099-K ija itayamba, amalonda ena anakwezadi ndalama zomwe ankanena kuti agulitsa, koma nthawi yomweyo anakwezanso zomwe ankanena kuti awononga, ndiye msonkho sunakwere monga boma linkayembekezera. Munthu ndi munthu basi, ukamutsekera kuno amaboola uko. Koma dziwani kuti zowonongedwa zopeka zimafuna malisiti, ndipo tsiku lofunsidwa malisitiwo ndi pomwe thukuta limatuluka.

Ine chomwe ndimawauza anthu anga si chovuta ndipo sichifuna kompyuta. Madzulo aliwonse tulutsani kalipoti kotsekera tsiku pa makinawo, kajambuleni pa foni kasanafufutike, ndiye mukope lembani mzere umodzi, tsiku, za kadi, za kashi, zobweza, ndi chilichonse chachilendo chomwe chachitika monga uja wotenga ndalama pamanja. Mwezi ukatha itanitsani sitetimenti ya kampani ya makina, osati ya banki yokha, chifukwa ndi yomwe imaonetsa nambala yonse ndi komishoni padera, muyerekeze ndi kope lanu pomwe mutu ukukumbukirabe. Akaunti ya geni ikhale ya geni, ndalama yomwe achimwene atumiza ya matenda isadutse pa makina kapena mu akaunti imeneyo chifukwa mudzavutika kufotokoza. Ndipo onetsetsani kuti dzina ndi nambala ya msonkho zomwe eni makina ali nazo ndi zolondola, makamaka ngati munagula geni kwa munthu nkupitiriza ndi makina ake, apo ndiye malonda anu akulembedwa pa dzina la wina. Ku America nambala ikapanda kugwirizana kampani imalamulidwa kugwira 24 peresenti ya ndalama zanu zisanakufikeni, taganizani geni yoti phindu lake ndi 12 pa 100 iliyonse ngati ya chitsanzo changa chija, mpamba umathera pomwepo.

Kwa inu a msonkho, pempho langa ndi lakuti mukaona nambala ya makina musamaitenge ngati chigamulo. Kalata yanu yoyamba izikhala yofunsa, yolembedwa m'chiyankhulo choti mayi wa geni amve yekha popanda kulipira munthu ngati ine kuti amumasulire, osati yoyamba ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja pa nambala yoti mkati mwake muli komishoni, VAT ndi ndalama zobweza. Ndipo ngati eni makina akukupatsani nambala zathu, alamuleni kuti ifenso azitipatsa pepala lomwelo nthawi yomweyo, tizidziwa zomwe mwauzidwa, osati munthu azidzamva koyamba ali pampando wofunsidwa.

Chinanso ganizirani mmene anachitira a ku South Korea. Iwo mu 1999 anayamba kuchotsera ogwira ntchito msonkho pa gawo la ndalama zomwe agulira zinthu pa kadi, ndiye wogula ndi amene ankaumirira yekha kuti ndiswaipeni, malonda nkumaonekera okha popanda kuthamangitsana ndi munthu. Wamalonda wamng'ono yemwe wavomera makina wadziika yekha poyera, akulipira komishoni pa malonda aliwonse, pomwe mnzake wa kashi yekhayekha palibe akumudziwa, ndiye zimawawa kuona kuti kalata yoopseza imayambira kwa woonekayo poti ndi amene ali ndi adiresi. Mayi ndanena aja pano makina awo sabwereketsa kwa wina aliyense, kope lawo lili bwinobwino, koma mpaka lero akandiona amafunsa kuti kodi akangowabwezera makinawo eni ake sizingakhale bwino, ine ndimangoti mayi dikirani kaye tione sitetimenti ya mwezi uno.

Ine wanu,
Wolemba mabuku a mageni ang'onoang'ono