Kalata kwa mwana wanga wa ku Lizulu

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Dedza tili bwino, kungoti chisanu cha Juni chatilowa m'mawondo. Chibwerereni kwanuko Lamulungu lija tulo sindikutiona, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Akamwini ndinawaona. Bala la pamphumi la njinga yamoto lija linapola, akuyenda, akucheza bwinobwino. Koma ndinawaonanso atatenga thumba kuti akalonge mbatatesi, n'kulisiya pakhonde, n'kuyamba kunola khasu, nalonso osamaliza. Iwe unapukusa mutu, ukuti ndi ulesi. Azakhali awo akuti analodzedwa. Zonsezo ayi.

Kuseri kwa mphumi kuli mbali yakutsogolo ya ubongo. Imeneyo ndiye kapitawo wa munthu. Imasanja choyamba ndi chotsatira, imamudzutsa kuti ayambe ntchito, imasunga pamene wafika, ndipo mtima ukapsa imagwira lilime ndi dzanja. Ikavulala nzeru zakale zimakhalapo ndithu, koma woziwongolera wafooka. Tili kusukulu ya unamwino tinaphunzira za Phineas Gage wa ku America, amene mu 1848 chitsulo chinamuboola pamenepa akugwira ntchito yokonza njanji. Sanafe, koma munthu wodalirika uja anasanduka waukali, wosakhazikika pachinthu chimodzi. Chowawa n'chakuti wovulala motere kawirikawiri sadziwa kuti wasintha. Ukamalimbana nawo kuti avomere, ukungodzitopetsa.

Uziwapatsa ntchito imodzi basi, osati zija zoti akagule mchere ndi sopo, pobwera adzere kuchigayo. Uzilemba papepala kapena kutchera alamu pafoni. Pokambirana wailesi izikhala yozimitsa. Ndalama za mbatatesi usunge ndiwe, koma muziwerengera limodzi, asaone ngati wawalanda ubambo pakhomo. Mowa asaulawe, ngakhale wa masese, chifukwa umafooketsa mbali yomweyo ndipo ukhoza kudzutsa khunyu. Ukali umakula akatopa, ndiye masana azigonako.

Kuwongokera kwake n'kwapang'onopang'ono, miyezi, mwina zaka. Tsiku lobwerera kuchipatala upite nawo ukafotokoze wekha, chifukwa iwo akangonena kuti ali bwino.

Koma ichi undimvetse, mwana wanga. Matendawa si chilolezo choti uzimenyedwa. Akadzangokwezera dzanja iwe kapena ana, nyamula ana ubwere kuno, zinazo tikakamba ndi ankhoswe.

Mwezi ukatha ndibwera kudzakhala sabata imodzi kuti nawenso upumeko. Undipatsire moni adzukulu anga.

Ndine mayi ako.