Chiphaso cha unzika chithandizenso mlimi kupeza ngongole

Akonzi,

Chiyambire kalembera wa bungwe lolemba unzika la NRB mu 2017, mlimi sayenda popanda chiphaso cha unzika. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, kalaliki kudepoti ankajambula chiphasocho ndi foni, dzina likapezeka m'kaundula mlimi n'kugula thumba la NPK ndi la Urea, lililonse la makilogalamu 50. Koma mlimi yemweyo wa ku Tsangano akafuna ngongole ya mbewu ya mbatatesi ndi mankhwala a chiwawu, amamufunsa chikole. Chiphaso chimangonena kuti iye ndani. Sichinena kukula kwa munda wake, kapena matumba amene amagulitsa pachaka.

Umboni woterowo ulipo, kungoti umagwera m'dzina la munthu wina. Mayi akagulitsa kabichi pa Lizulu n'kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, malondawo amalembeka okha, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Koma ngati simu idalembetsedwa pa chiphaso cha mwamuna kapena mwana wake, mbiri yonseyo si yake. Simuyo ikatayika sangaibwezeretse yekha, ndipo ndalama zimatsekeredwa mkati. Mlimi aliyense alembetse nambala pa chiphaso chake, PIN aisunge mumtima, asauze ngakhale ejenti.

China chimene chimabweza anthu ndi kalembedwe ka mayina. M'buku la kalabu muli dzina la pamudzi, pachiphaso pali lina, makina n'kukana. Alembi a makalabu ndi a banki mkhonde azikopera nambala ya chiphaso kuchokera pakhadi penipeni, osati yongouzidwa pakamwa, poti ziro ndi chilembo O zimasokoneza.

Ndikupempha Unduna wa Zaulimi kuti alangizi a m'madera a zaulimi (EPA) azilemba maekala, mbewu ndi zokolola pa nambala imeneyi chaka chilichonse, ndipo mlimi akavomera yekha, banki kapena SACCO izitha kuona mbiriyo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu lidakhazikitsidwa mu 2024, ligwire ntchito pamenepa. Makina ojambulira ziphaso azigwiranso ntchito popanda netiweki, chifukwa m'mapiri a Kirk Range imadukaduka, anthu n'kugona pamzere.

Kwa alimi anzanga: venda akakupatsani kangachepe kuti mumusiyire chiphaso, kaundula adzaonetsa kuti feteleza mudatenga ndinu, ndipo ngongole ikatengedwa m'dzina lanu, adzalonjerera inuyo.

Wowerenga,
Lizulu, Ntcheu