Lipoti la ulendo wa ku Chicago

A Tcheyamani, a komiti ndi nonse a kwaya yathu ya kuno ku South Bend,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa aphunzitsi a nyimbo umene munandituma. Ndalama munandipatsa zija zinathera pa sitima ya South Shore, malo ogona ndi chakudya, ndipo malisiti onse ali kwa amsungichuma. Amene ankadandaula kuti ulendowu ndi wongomwaza ndalama, chonde awerenge mpaka pansi.

Mutu unali masimfone a olemba nyimbo a ku America. Simfone ndi nyimbo yaitali ya zigawo zingapo yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zoimbira. Tsiku loyamba linapita ndi simfone yachitatu ya Aaron Copland ya 1946 ndi nkhani zazitali za Charles Ives. Mapepala ake ndabwera nawo.

Amene anandigwira mtima ndi mayi Florence Price, obadwira ku Little Rock mu 1887. Simfone yawo yoyamba inapambana mpikisano wa Wanamaker mu 1932, ndipo pa 15 June 1933 Chicago Symphony Orchestra inaiimba motsogozedwa ndi Frederick Stock. Kanali koyamba kuti gulu lalikulu chotero liimbe simfone ya mayi wachikuda. Ku msonkhanoko anatiikira chigawo chachitatu, cha Juba, gule wa akapolo amene ankaomba m'manja ndi kumenya ntchafu m'malo mwa ng'oma. Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi anayamba kudzimenya ntchafu pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Kenako tinamvera Afro-American Symphony ya William Grant Still, imene inaimbidwa koyamba ku Rochester mu 1931. Banjo italira pakati pa mavayolini, mtima unathawira kwa anyamata akumudzi ndi banjo zawo za zitini.

Koma imvani izi. Mayi Price atamwalira mu 1953, nyimbo zawo zambiri zinaiwalika. Mu 2009 anthu amene ankakonza nyumba yosiyidwa pafupi ndi St. Anne ku Illinois anapezamo milu ya mapepala awo. Akanangosesa n'kutentha, bwenzi zitapita.

Nanga ife? Makope a do-re-mi amene malemu aphunzitsi athu analemba pamanja akadali m'makatoni m'chipinda chapansi chija, mmene mumalowa chinyezi chaka ndi chaka. Ndinatsegula katoni imodzi, masamba anali atamatana, inki itafalikira. Nkhaniyi ndinaidzutsa chaka chatha, komiti n'kusankha mayunifomu. Mpaka lero zimandiwawa.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse liikeko nyimbo imodzi ya olembawa pa pologalamu ya chaka chamawa. Ndinakweza nawo dzanja, ngakhale ndikuona kuti ankaganizira magulu okhala ndi zoimbira zambiri. Simfone ife sitingaikwanitse, koma mayi Price analembanso nyimbo zoimba pakamwa, ndipo tingayambire pamenepo. Amene adzanene kuti zimenezi n'zachizungu adzayambe amva Juba.

Loweruka ndibwera ndi makina ojambulira mapepala. Ndikupempha anthu awiri ondithandiza, ndi kiyi wa chipinda chapansi.