Lipoti la Msonkhano wa Osamalira Makompyuta: Kuika ma Driver a Netiweki pa Windows Yakale

A Wapampando, a Mlembi ndi aphunzitsi anzanga nonse osamalira zipinda za makompyuta m'sukulu za ku Chikwawa ndi ku Nsanje, landirani lipoti la msonkhano wa ku Blantyre umene munandituma. Nkhani zinali zingapo, koma ndinaika mtima pa funso limene munandisenzetsa, loti n'chifukwa chiyani makompyuta athu, tikangowafomata n'kuikamo Windows mwatsopano, amakana kulowa pa intaneti ngakhale chingwe chili cholowetsedwa bwino ndipo router, kabokosi kogawira makompyuta intaneti, ikuyaka.

Otiphunzitsa anafotokoza kuti nthawi zambiri kompyuta yotere siinawonongeke. Chimasowa ndi driver, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kugwiritsa ntchito khadi la netiweki, kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta koilumikiza ku netiweki. Windows XP inatuluka mu 2001 ndipo Windows 7 mu 2009, choncho makadi ambiri opangidwa pambuyo pake ziwirizi siziwadziwa. Apa ndiye pamene timakodwa, chifukwa driver amapezeka pa intaneti pomwe kompyutayo singafike pa intaneti popanda driver yemweyo. Kwa anzathu a m'tauni ndi nkhani yongopita kwa wokonza wapafupi, koma mphunzitsi wa ku Bangula kapena ku Ngabu sangamakwere mtunda wa Thabwa ndi kompyuta pamiyendo chifukwa cha fayilo imodzi.

Phunziro limene ndikuliona lalikulu ndi la kudziwa khadi musanasake driver. Dzina lolembedwa pa bokosi la kompyuta silokwanira, poti makina athu ambiri ndi opatsidwa ndipo ena anasinthidwa zam'kati asanatipeze. Timatsegula Device Manager, gawo la Windows loonetsa zipangizo zonse za kompyuta, ndipo pansi pa Other devices timaona Ethernet Controller kapena Network Controller ili ndi chizindikiro chachikasu. Tikalowa mu Properties, kenako Details, n'kusankha Hardware Ids, pamatuluka mzere wa zilembo ndi manambala. Pa kompyuta imene anatipatsa kuti tiyeserepo panatuluka VEN_10EC&DEV_8168. Zinayi zotsatira VEN zikunena kampani: 10EC ndi Realtek, 8086 ndi Intel, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Atheros. Zotsatira DEV zikunena mtundu wa khadilo. Munthu akalemba mzere umenewu papepala, akhoza kusaka driver woyenera pa foni yake ali pansi pa mtengo, n'kumusamutsira pa kompyuta ndi chingwe cha USB. Ayenera kuonanso ngati Windows yake ili ya 32-bit kapena 64-bit, chifukwa driver wa ina sagwira pa inzake.

Kuika kwenikweni n'kosavuta. Timasankha Update Driver, n'kuilozera Windows foda imene muli fayilo yothera ndi .inf, ndipo ngati driver watsopano wabweretsa mavuto, Roll Back Driver imabwezera wakale. Chimene anachibwereza kwambiri, ndipo inenso ndikuchibwereza kwa inu, n'chakuti driver azisungidwa kompyuta isanafomatidwe. Pa Windows 7 amakhala mu foda ya FileRepository, imene ili mkati mwa DriverStore mu System32, ndipo kuikopera pa flash disk kumatenga kanthawi kochepa poyerekeza ndi masabata amene chipinda chimakhala chopanda intaneti.

Tinaphunziranso kusiyanitsa vuto la driver ndi mavuto ena ofanana nalo. Ngati mwalemba lamulo la ipconfig mu Command Prompt, zenera lolembamo malamulo, ndipo adiresi ya kompyuta pa netiweki yatuluka yoyamba ndi 169.254, khadi likugwira ntchito koma silinalandire adiresi kuchokera ku router, choncho onani chingwe ndi router yomweyo. Ngati mawebusaiti akukana kutseguka pomwe netiweki ilipo, yang'anani deti, chifukwa kabatire ka CR2032, kosunga deti ndi nthawi m'kati mwa kompyuta, kakatha kompyuta imabwerera kuzaka zakale ndipo mawebusaiti otetezedwa amaikana. Windows XP imene ilibe Service Pack 3, phukusi la zoikonza lochokera ku Microsoft, nthawi zambiri imalephera kulowa pa Wi-Fi yotetezedwa ndi njira yotchedwa WPA2. Ndinafunsa za makompyuta athu amene anasiya kugwira netiweki nyengo ya mvula itadutsa, ndipo anandiyankha kuti khadi likapanda kuonekeratu mu Device Manager, tiyambe taona ngati silinazimitsidwe mu BIOS, pulogalamu yoyambitsa kompyuta Windows isanatseguke. Ngati lili loyatsidwa, mwina mphenzi inalipsereza kudzera m'chingwe, ndipo pamenepo palibe driver angalidzutse. Njira yotsika mtengo ndi kugula kachipangizo ka netiweki kolowetsa pa USB, koma pogula tifunse ngati kali ndi driver wa Windows imene tili nayo. Ndi kutentha ndi fumbi la kuno kwathu mu Okutobala ndi Novembala, anatilangizanso kuti khadi lochita kulowetsa tizilizula, kulipukuta ndi kulibwezera tisanaliweruze kuti lafa.

Panali kusagwirizana pa mapulogalamu amene amadzisakira okha ma driver onse nthawi imodzi. Okonza makompyuta ena anawaikira kumbuyo ponena kuti amafulumizitsa ntchito. Ine sindikuwavomereza m'sukulu zathu, chifukwa ena amabwera ndi mapulogalamu osafunika, amadya bandulo yambiri, ndipo amasintha ngakhale ma driver amene amagwira bwino. Driver tizimutenga pa webusaiti ya kampani imene inapanga khadi kapena kompyutayo.

Nkhani ya chitetezo siinandisangalatse, koma ndiyenera kuifikitsa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows XP pa 8 Epulo 2014 ndipo Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inafalikira m'maiko ambiri kudzera m'makompyuta a Windows amene analibe zotseka mipata, n'kumanga mafayilo a anthu. Ena anati makina akalewa tiziikamo Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene imabwera kale ndi ma driver a makadi ambiri. Maganizo anga ndi akuti makompyuta a XP azigwira ntchito yophunzitsira kutayipa ndi zina zosafuna intaneti, ndipo kompyuta yosunga zotsatira za mayeso ndi mayina a ana isalumikizidwe nkomwe ngati ili pa Windows yakale. Linux tiyambe tayesa pa makina ochepa tisanagamule.

Ndikupempha kuti gulu ligule ma flash disk awiri, ina izikhala ku Nchalo ina ku Nsanje boma, momwe tizisungamo ma driver onse m'mafoda olembedwa manambala a VEN ndi DEV. Kuti ntchitoyi iyambike, sukulu iliyonse ibweretse pa msonkhano wathu wotsatira mndandanda wa makompyuta ake, wosonyeza mtundu wa Windows, ngati ili ya 32-bit kapena 64-bit, ndi Hardware Id ya khadi la netiweki. Amene sanatsegulepo Device Manager abwere ndi laputopu kapena bokosi limodzi, tidzachitire limodzi tsiku lomwelo.