Kwa mnzanga ku Johannesburg: za mpingo mwaupezawo

Lizulu, Ntcheu

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. M'mawa nkhungu imakuta msewu wonse moti magalimoto opita ku Lilongwe amayenda atayatsa nyali mpaka dzuwa litakwera. Mbatatesi yabereka, koma mtengo pamsika wagwa poti aliyense wakumba nthawi imodzi. Mayi anu ndinakumana nawo Lamulungu lapitali potuluka m'tchalitchi. Akuyenda okha, ndipo ati ndikuuzeni kuti bulangete lija linafika.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumvera mpaka kumapeto. Funso lotere silingathe ndi mawu ojambula pafoni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba, kuti muziwerenga mofatsa mukaweruka kuntchito. Mwati mpingo umene mwayamba kupempherako umadzitchula wa chievanjeliko, kuyimba kwake n'kogwira mtima, ndipo anthu ake ndi amene anakupezerani pogona mutangofika. Zimenezo sindikuzipeputsa, munthu kuchilendo amafuna abale. Koma mwatinso ulaliki uliwonse umathera pa envelopu: fesa mbewu, gula mafuta odzozedwa, gula madzi, ndipo wodwala akapanda kuchira amamuuza kuti sanapereke mokwanira. Ndiye mukufunsa kuti kodi chikhulupiriro chathu chenicheni n'chiti, kuti mukhale ndi poyezera.

Mfundo zake si zambiri ayi. Bungwe la World Evangelical Alliance, lomwe chiyambi chake ndi msonkhano wa ku London wa mu 1846, linazilemba m'ndime 7 zokha: Baibulo, Mulungu mmodzi mwa atatu, Yesu Khristu, chipulumutso, Mzimu Woyera, umodzi wa okhulupirira, ndi kuuka kwa akufa. Ine ndiyambira pa chipulumutso, poti pakhota nkhani yanu ndi pamenepo.

Tinaloweza limodzi m'kalasi kuti anthu onse anachimwa, naperewera pa ulemerero wa Mulungu. Tchimo si kuba ndi chigololo kokha. Ndi kupotoka kwa mtima kumene tinabadwa nako, ndipo munthu sangadziwongole yekha. Yesu anafa m'malo mwathu. Kumbukirani mmene milandu imathera pabwalo la amfumu. Mbuzi za mnyamata zadya chimanga cha eni, amfumu agamula chindapusa, mnyamatayo alibe ngakhale nkhuku. Amalume ake amadzuka n'kulipira. Mlandu sunakwiriridwe, chindapusa chaperekedwa chonse, koma wapereka ndi wina, ndipo palibe angamuitanenso mnyamatayo pa mlandu womwewo. Pamtanda zinaposa apo, chifukwa wolakwiridwa, amenenso ali woweruza, ndi yemweyo anapereka Mwana wake. Paulo polembera Aefeso, mutu 2 ndime 8 ndi 9, akuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro. Ndi mphatso ya Mulungu, yosachokera ku ntchito, kuti wina asadzitamandire.

Tsono wina akati onjezerapo ndalama kuti Mulungu akumve, ndiye kuti akunena kuti dipo la Yesu linaperewera. Malonda amenewa sanayambe lero. Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsira anthu Mzimu Woyera, Petro n'kumuyankha kuti awonongeke nazo limodzi ndalama zakezo; kawerengeni Machitidwe 8. Mu 1517 Martin Luther analemba mfundo 95 ku Wittenberg, ku Germany, atanyansidwa ndi makalata ochotsera anthu chilango cha machimo omwe Johann Tetzel ankagulitsa m'madera oyandikana nawo. Mizu ya mipingo ya chievanjeliko ili pa mkangano umenewo. Zimandimvetsa chisoni kuti patapita zaka zoposa 500, ena odzitchula dzina lomweli ndi amene ayambiranso malondawo.

Koma ndisaloze chala ku Joni kokha. Maganizo ofuna kugula Mulungu ali m'mitima yathu kuno komwe. Mwezi watha, pokonzekera Mgonero, tinapita ndi mkulu wa mpingo mnzanga kukazonda gogo wina amene wagona nthawi yaitali. Titangokhala pamkeka, anatuma mdzukulu kuti atenge kathumba ka pulasitiki kunsi kwa pilo. M'menemo munali kadi yake ya chopereka, yoda ndi utsi, yong'ambika popinda. Analoza ndi chala malo osalembedwa a miyezi yomwe wakhala akudwala, n'kufunsa kuti, "Abambo, ndikapita chonchi, akandilandira?" Palibe mbusa anamuphunzitsa zimenezo, ndi mantha chabe a munthu woona kuti ulendo wayandikira. Tinamuwerengera za wachifwamba uja wa pamtanda mu Luka 23, amene analibe nthawi yobatizidwa kapena yopereka chakhumi, koma Yesu anamulonjeza Paradaiso tsiku lomwelo. Gogoyo anakhala duu kwa kanthawi, kenako anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Ndiye uja analibe kadi?"

Musandimve molakwa. Kupereka n'kofunika, ineyo ndimalimbikitsa anthu kupereka, ndipo Yakobo akuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Koma ntchito zimabwera pambuyo, ndi kuthokoza kwa munthu amene wapulumutsidwa kale. Katekisimu wa ku Heidelberg wa mu 1563, umene Sinodi ya Nkhoma imautsatira, unagawidwa patatu motere: kukula kwa tchimo langa, mmene ndawomboledwera, ndi mmene ndingathokozere Mulungu. Mukaika chachitatu patsogolo pa chachiwiri, mwayambitsa chipembedzo china, ngakhale nyimbo zikhale zomwezo.

Mwina mufunsa kuti nanga tidziwa bwanji kuti zoona ndi izi, osati za mneneri wanuyo. Woweruza ndi Baibulo. Mabuku 66, a Chipangano Chakale 39 ndi a Chatsopano 27, ouziridwa ndi Mulungu monga akunenera 2 Timoteo 3:16. Mbusa, mneneri, sinodi, maloto, ngakhale miyambo ya mpingo, zonse zimayesedwa ndi Malembo, osati Malembo kuyesedwa ndi izo. N'chifukwa chake amishoni atafika kuno anathamangira kutsegula sukulu ndi kumasulira. A Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889, anafika ku Nkhoma mu 1896, kuno ku Mlanda mu 1902. A Zambezi Industrial Mission, omwe Joseph Booth anayambitsa ku Mitsidi mu 1892, anadzatsegula Ntonda, Chiole ndi Dombole m'boma lathu lino, ndipo lero ndiwo a Zambezi Evangelical Church. Mu 1922 Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chinenero chathu, ntchito yomwe William Murray anaitsogolera mothandizana ndi aphunzitsi a kuno. Agogo athu ankakhala pansi pa mtengo kuphunzira a, e, i, o, u kuti aziwerenga okha, asamangodalira pakamwa pa mzungu. Ndiye inu, amene muli nalo Baibulo ngakhale m'foni, mudalirenji pakamwa pa munthu? Anthu a ku Bereya ankafufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zonena Paulo zinali zoona, ndipo Luka akuwayamikira, sakuwadzudzula. Mlaliki akatchula ndime, inu mukafika kunyumba werengani mutu wonse. Mukamufunsa mwaulemu iye n'kupsa mtima, kapena n'kukuopsezani kuti musakhudze wodzozedwa, mwadziwa kale amene akulamulira pamenepo.

Za Utatu sinditalikitsa, poti Chikhulupiriro cha Atumwi mwakhala mukuchinena chiyambire ubwana. Mulungu ndi mmodzi: Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Yesu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni, anabadwa mwa namwali Mariya, anafa, anauka ndi thupi tsiku lachitatu. Apa sitisiyana ndi anzathu a Katolika a ku Bembeke kapena ku Mua. Za umulungu wa Yesu anazikhazikitsa pa msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325, kalekale Luther asanabadwe. Chomwe ndingatsindike ndi 1 Timoteo 2:5, kuti mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha. Ine ndine Mngoni. Ngoma ndimavina, ku Umhlangano ku Nkolimbo ndimapita kukaonana ndi abale, makolo ndimawalemekeza. Koma pemphero langa silidzera kwa iwo. Ndipo ngati silidzera kwa agogo amene anandibala, lingadzere bwanji kwa munthu wovala suti amene mwati chithunzi chake anthu amamata pagalimoto ndi pachitseko kuti chiziwateteza?

Achievanjeliko timadziwikanso ndi kulimbikira pa kubadwanso mwatsopano. Nikodemo anali mphunzitsi wa Israeli, koma Yesu anamuuza kuti popanda kubadwanso sangaone ufumu wa Mulungu. Kubadwira m'banja la mkulu wa mpingo sikupulumutsa; fodya wako ndi uyo ali pamphuno, aliyense alape ndi kukhulupirira payekha. Komabe pamenepa ena amapepukitsa zinthu, amvekere ukakweza mkono pa chitsitsimutso n'kubwereza pemphero, basi zatha. Alipo amene amakumbukira tsiku lenileni lomwe anatembenuka mtima, alipo amene anasinthika pang'onopang'ono osadziwa deti, ndipo ine sindiona chifukwa choti awa azikayikira awo. Umboni wake ndi chipatso cha Mzimu chotchulidwa mu Agalatiya 5: chikondi, mtendere, kuleza mtima, kudziletsa ndi zinzake. Munthu wobadwanso amabweza ngongole ya mnzake, amaleka kumenya mkazi, ndipo pogulitsa mbatatesi sakhoma ndowa kunsi kuti ichepe. Mzimu Woyerayo amakhala mwa wokhulupirira aliyense, mwa inu ndi mwa gogo wa kadi uja, osati mwa anthu ochepa okhala kutsogolo.

Pa za machiritso ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu athu akupwetekera. Timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo odwala timawapempherera. Mafuta alimo ndithu mu Yakobo 5:14, koma taonani bwino: wodwala amaitana akulu a mpingo, iwo ndiwo amamudzoza. Palibe botolo la mtengo wake pamenepo. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma anayankhidwa kuti chisomo chimukwanira. Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Timoteo ankavutika m'mimba kawirikawiri. Kodi amenewa ndiye kuti sanafese mbewu? Kuno taika m'manda anthu amene anasiya ma ARV atauzidwa kuti achira ndipo kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro. Wina akadzangouza alamu kuti asiye mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, musadikire kuti mumve maganizo anga, tulukani tsiku lomwelo.

Yesu adzabweranso mooneka, akufa onse adzauka, kudzakhala chiweruzo. Ndicho chiyembekezo chomwe tinaimba nacho poperekeza bambo anu kumanda. Tsiku lake palibe akulidziwa, Marko 13:32 akutero, choncho wokupatsani deti ndi wabodza. Podikirapo tinatumidwa kukauza ena, monga mu Mateyu 28. Msonkhano wa ku Lausanne wa mu 1974, umene Billy Graham anaitanitsa ndipo John Stott anatsogolera kulemba pangano lake, unanenetsa kuti kulalikira ndi kusamala za osauka ndi oponderezedwa zonse ndi udindo wa Mkhristu. Mpingo wolandira kwa osauka kuti mtsogoleri agule galimoto ina wazondotsa zimenezi.

Pali zina zomwe musataye nazo tulo. A Baptist amabatiza akuluakulu okha, momiza. Ife timabatiza ndi ana omwe, mowaza. A Assemblies of God amatsindika malilime, ife ayi. Ena amaimba ndi magitala ndi ng'oma, ena ndi mawu okha. Ena amalola amayi kulalikira paguwa, ena amakana. Pa zimenezi ndili ndi maganizo anga, ndipo titakhala pakhonde tingatsutsane mpaka nsima kuzizira, koma sindinganene kuti wosiyana nane si m'bale. Bungwe la Evangelical Association of Malawi limasonkhanitsa mipingo yosiyana pa zinthu ngati zimenezi, ndipo imagwirira ntchito limodzi. Choncho mukapeza mpingo kumeneko wovina kuposa wakwathu, koma Baibulo likulalikidwa mutu ndi mutu ndipo mtanda uli pakati, khalani momwemo ndi mtima umodzi.

Langizo langa ndi loti musachoke mwaphokoso, pajatu anthuwo anakuchitirani zabwino. Pemphani abusawo akupatseni chikhulupiriro cha mpingo wawo cholembedwa, ndipo muwafunse funso limodzi: munthu wopanda ngakhale randi imodzi angapulumuke, angapemphereredwe, angadye Mgonero? Mvetserani yankho, komanso muone zochitika Lamulungu lotsatira, poti pakamwa sipavuta. Mukatero mundiuze zomwe mwapeza. Afunseninso Amalawi anzanu kuntchitoko kumene amapemphera. Simuli nokha kumeneko.

Ndalama za feteleza mukatumiza, tumizani mwezi wa September usanathe, mitengo isanakwere. Denga la khitchini ya mayi likufunika malata awiri mvula isanayambe, ndipo mmisiri ndamupeza kale. Akunyumba akupereka moni kwa alamu, ati zithunzi za ana mwachedwa nazo.

Ndine mnzanu wa m'kalasi,
kuno ku Lizulu